Chakudza choimba ng'oma

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ananena zimenezo asanaimve galimoto yanga. Yanga ikamadza imaimba, ndipo si kang'oma ka ana a Sande sukulu ayi, ndi gunda weniweni. Ndikangokhota pamsika kulowa msewu wafumbi wa kwathu, agalu a m'dera lonse amatsegulira msonkhano, mlonda wa aneba amadzambatuka n'kuyamba kuzungulira mpanda ngati anali maso usiku wonse, ndipo mayi a kunyumba amatereka madzi. Msewu wake ndi woti pofika pageti nsima yapsa. Ndiye lero ndaima pano, chipewa m'manja, kupereka ulemu kwa amene amagwira ntchito yonseyi osalandira ngakhale tambala: ekizozi yanga yobooka.

Galimotoyi ndi saluni yapakatikati, mbale wawo wa ma Mark X, ma Premio ndi ma Allion amene adzaza misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Dzina lake lenileni ndisunga, chifukwa amene anaipanga alibe mlandu. Iwo anaipangira misewu ya ku Japan. Kumeneko galimoto ikakwanitsa zaka 3 imapita kukapimidwa mokhwima, chipimo chotchedwa shaken, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo eni ake ambiri akawerengera ndalama amaona kuti bola kuigulitsa. Yanga inakwera sitima, n'kutsikira ku Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya, kulowa pa Songwe, kukwera chitunda cha Chiweta osadandaula. Inafika pakhomo ili duu ngati mkamwini watsopano. Ndinkachita kuyang'ana singano kuti ndidziwe ngati injini yalira.

Mawu inawapeza kuno, ndipo mphunzitsi wake ndi hampu ya pafupi ndi mjigo. Hampu imeneyi anaimanga ndi aneba anga, ati chifukwa cha fumbi ndi ana osewera pamsewu. Chifukwacho n'chomveka. Koma amene anaimanga anazolowera kuunda mizere ya mbatata, ndipo dzanja lawo silinaiwale. Saluni ndi galimoto yoyenda mimba ili pansi. Ndayesa kuikwera cham'mbali ngati nkhanu, ndayesa kutsitsa anthu onse, mpaka tsiku lina apongozi anga aakazi, atavala chitenje chawo cha ku ukwati, anatsika n'kuoloka hampuyo wapansi ine ndikukwawa pambuyo. Komabe kunsi kunamveka khwee! Walira mvula walira matope. Ndinkafuna galimoto yooneka ngati ya bwana, anzanga akugula zitalizitali zoyenera misewu yathu.

Inayamba ndi kamawu kamanyazi, tsi-tsi-tsi, m'mawa mokha injini isanatenthe. Patatha mwezi kanakula n'kukhala pwe-pwe-pwe. Pofika nyengo yamvula inali itatha msinkhu.

Ubwino woyamba wa ekizozi yobooka ndi chilungamo. Palibe m'busa, palibe nkhoswe amene anakonza khalidwe langa ngati mmene yachitira iyi. Munthu wa galimoto yotere sanganame nthawi imene wafika pakhomo, chifukwa mboni zilipo nyumba makumi awiri. Aneba ena, sinditchula dzina koma geti yawo ndi yobiriwira, ali ndi kagalimoto kaja koyendera petulo pang'ono magetsi pang'ono. Amalowa 2 koloko usiku mwakachetechete ngati mphaka wopita ku mphika wa nsomba, m'mawa n'kumapatsa anthu moni ndi nkhope ya mkulu wa mpingo. Ine sindingathe. Ndinayesapo kamodzi, ndikuvomera. Ndinazimitsa injini pamtunda kuti nditsetsereke mpaka pageti. Chiwongolero chinauma ngati mtengo, mabuleki nditaponda kawiri katatu anasanduka mwala, pakuti zonse ziwirizi zimadalira injini ikulira. Ndinaima mu hedge ya aneba. Usiku umenewo amene sanandimve anandiona.

Wa golosale nayenso amaithokoza. Kale ndikakhala ndi ngongole ankatuma mwana kudzafunsa ngati ndabwera, ana anga n'kuyankha zimene ndinawaphunzitsa. Masiku ano satumanso mwana. Amangotchera khutu, n'kutenga kope lake.

Ulemu wina upite kwa wansembe wa ekizoziyi, mmisiri wowotcherera wa ku Biwi. Mwambo wake susintha. Matayala awiri amakwera pamiyala, iye amayala katoni n'kulowa kunsi chagada, atavala magalasi a dzuwa ogula pamsika m'malo mwa chophimba kumaso. Amagogoda paipi ndi sipanala, kumvetsera ngati sing'anga, kenako n'kutulutsa mutu.

"Bwana, yabooka pawiri. Koma musadandaule, iyi sidzakuvutaninso."

Mawu amenewa ndawamva kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi zonse amawanena ndi mtima woona. Sanama kwenikweni: pamene wawotcherera sipabookanso, pamabooka pambali pake. Chitsulocho chinadyeka kale ndi dzimbiri, ndipo dzimbirilo limayambira m'kati. Petulo akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi, ndiye ife oyenda maulendo aafupi, kunyumba, kusukulu ya ana, kuntchito, paipi siitentha mokwanira kuti madziwo aume. Amagona momwemo. Moto wowotcherera ukangofika, chitsulo chopyapyalacho chimasungunuka ngati pepala la shuga. Ekizozi yanga inasanduka mbiri ya dziko: panali chigamba cha mgolo, panali cha chitini cha penti, panali chidutswa chimene ndikukhulupirira kuti chinali mwendo wa bedi. Mphira zoikolekera zinaduka kalekale, inamangidwa ndi waya ndi chubu cha njinga. Cha ku Japan chimene chinatsala ndi dzina lokha. Magetsi akazima ntchito ili pakati, timakhala pabenchi ine ndi mmisiriyo, kudya chimanga chootcha, galimoto ili chipendekere, kudikira.

Ekizoziyi ili ndi mnzake wapamtima, kanyali kachikasu ka check engine. Kameneka kanayaka tsiku lina Lachiwiri ndipo sikanazimenso. Magetsi a m'nyumba amapita, a mumsewu sitikumbuka n'komwe, koma kanyali aka n'kokhulupirika. Anzanga ena amakamata ndi tepi yakuda, wina anamatapo sitika ya vesi. Ine ndinakasiya, kamandithandiza kuona makiyi usiku.

Apa pokha mundilole ndivale chipewa changa kaye, chifukwa mpamene pamawawa. Bowo likakhala kutsogolo, pafupi ndi injini, limayamwa mpweya wakunja. Sensa ya okosijeni imene ili m'paipimo imanunkhiza mpweya umenewo n'kukauza kompyuta kuti mafuta akuchepa. Kompyuta, yosadziwa za hampu ya pamjigo, imakhulupirira n'kuwonjezera petulo. Petulo wake uti? Yemwe uja ndinamugonera pamzere ku filing'i siteshoni, udzudzu ukundiimbira, a kabaza akudutsa kutsogolo ndi zigubu. Bodza la kabowo kosakwana chala limamwa mafuta ngati mlendo wa pamaliro. Ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sensa yatsopano umafunika kuumva utakhala pansi. Timagula yakale yochotsa ku galimoto ya ngozi, n'kupemphera kuti mwini wake anaisiya ikugwira ntchito.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuipititsa kwa mnyamata wa kompyuta. Analumikiza kachipangizo kake pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga ngati akulengeza zotsatira za mayeso: P0420. Ati katalisiti sikugwira ntchito. Katalisiti ndi kabokosi kaja ka m'njira ya utsi, m'kati mwake muli chinthu chooneka ngati chisa cha njuchi, chimene chimasintha utsi wapoizoni kuti utuluke wofatsirako. Atatsegula anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Munali mbee, mphako yokhayokha. Wina, penapake pakati pa sitima ndi pakhomo panga, kapena pa garaja ina imene ndinaigonekapo, anakolola kale. Chisa chimenechi chimakutidwa ndi platinum, palladium ndi rhodium, miyala yodula kwambiri, ndipo ogula alipo. Platinum wochuluka padziko lapansi amakumbidwa ku South Africa. Agogo anga anapita ku Joni kukalowa pansi m'migodi. Ine mgodi unandilondola mpaka pakhomo, ndinaukhalira pamwamba osadziwa, ndipo ndinamva za iwo utatha kale.

Za utsi ndisachulutse. Wabuluu ndi oyilo akupsa, wakuda ndi petulo wochuluka, woyera wochindikala umene sukutha injini itatentha ndi madzi olowa mosayenera, kawirikawiri gasiketi ikapsa. Yanga m'mawa imatulutsa wabuluu, ndipo mayi a nyumba yoyandikana anandiuza kuti udzudzu wachepa. Sanaseke. Koma utsi woopsa ndi umene suoneka komanso sununkha, carbon monoxide, umene umatha kulowa m'galimoto ekizozi ikabooka pansi pa mipando. Ana akayamba kusinza ndi kudandaula mutu paulendo, si kutopa ayi. N'chifukwa chake mawindo anga amakhala otsegula ngakhale mu Juni, tikunjenjemera.

Akuluakulu a pamsewu nawo galimotoyi amaidziwa. Safunika kukweza dzanja mochedwa, amakonzekera ndisanatulukire pakona. Mmodzi anaizungulira pang'onopang'ono, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Madala, galimotoyi ikusokosa." Ndinavomera mwaulemu. Ndinafuna kuwalozera dzenje limene linali kumbuyo kwawoko, loti mbuzi ikagweramo muitulutse ndi chingwe, koma ndinakumbuka kuti lilime lalitali limadula thumba. Pa lita iliyonse ya petulo pali kandalama kokonzera misewu. Popeza yanga imamwa kuposa ya wina aliyense, ndiye kuti mwa anthu onse a m'dera lathu ine ndi amene ndapereka zambiri. Ndikadali kudikira kuti mabwana osamalira ndalamazo andilembere kalata yothokoza, kapena atchule dzenje limodzi dzina langa. Pakadali pano okonza msewu ndi anyamata awiri a fosholo, amene amathira dothi m'dzenje lomwelomwelo chaka chonse n'kutambasula dzanja. Mvula ikagwa dothi lipita, ntchito iyambiranso.

Mwezi wathawu ndinachita chinthu chopusa. Nditalandira ndalama za chipereganyu ndinagula ekizozi yonse yathunthu, yakale koma yosabooka. Galimoto inabwerera ku ukamwini wake. Tsiku loyamba ndinaima pageti mphindi khumi, palibe wotsegula, mpaka ndinachita kuimba foni. Nsima inali isanaterekedwe. M'mawa mwake ana a aneba anachedwa kusukulu, mayi awo n'kubwera kudzafunsa ngati ndikudwala. Wa golosale anandipeza pamsewu ali wokhumudwa, ati ndayamba kuzemba. Mayi a kunyumba, amene zaka zonsezi ankadandaula za phokoso, anandiyang'ana usiku wina nditangotulukira pabalaza n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, mwayamba liti kuyenda ngati mfiti?"

Bata limeneli linatenga masiku 9. Loweruka m'mawa ndinaona aneba awiri ali ndi wilibala ya dothi pafupi ndi mjigo, ati mvula yaidya hampu ija, ikufunika kuikweza pang'ono. Ndinaimitsa galimoto, kuwapatsa moni, n'kubwerera kunyumba kukawatengera fosholo yanga.