Ulemu kwa a Batani Othawa

Dziko lino limadziwa kulemekeza akuluakulu ake. Ena tinawapatsa misewu, ena mabwalo a ndege, ena nkhope zawo timayenda nazo m'thumba pa ndalama. Koma alipo mkulu wina amene amagwira ntchito usana ndi usiku, kuyambira pa Nathenje mpaka pa Mitundu, wosapempha alawansi, ndipo palibe anamuwomberapo m'manja. Ndikunena a Batani Othawa. Mukuwadziwa: batani lija la kumapeto kwa fomu ya pa intaneti, lolembedwa "Submit", loti udine ukamaliza kulemba dzina, mudzi, mfumu ndi nambala ya chiphaso. Pa foni yako silioneka. Sikuti kulibe ayi. Langosunthira kumanja, kuseri kwa sikirini kumene chala sichifika, kapena lakhala phee kunsi kwa kiyibodi, kukumvetsera ukupuma.

A Batani sabadwira kumudzi. Amabadwira m'maofesi a ku City Centre, pa laputopu ya sikirini yotambalala, pa Chrome watsopano, pa Wi-Fi yolipira bwana. Wopanga webusaiti amalamula kuti fomu ikhale mapikiselo 1000 m'lifupi, poti pa makina ake malo ndi ochita kutsala. Foni zambiri za Android zili m'manja mwa anthu zimapatsa tsamba mapikiselo pafupifupi 360 basi. Akaiwala kamzere kamodzi kotchedwa viewport, foni imayesa tsambalo ndi la mapikiselo 980, n'kulifinya lonse mpaka zilembo osawerengeka. Akakumbukira kamzereko koma osasintha muyeso wa fomu, mbali yaikulu imatsalira kunja, ndipo a Batani amakhala komweko. Telala wa pakhonde pa Mitundu atati azisoka mathalauza onse podziyeza yekha m'chiuno, msika ungamuthamangitse dzuwa lisanapendeke. Koma wopanga webusaitiyu amapatsidwa kontirakiti ina.

Musawaone kuchepa, mtundu wawo ndi wakale. Håkon Wium Lie wa ku Norway atabweretsa maganizo a CSS mu 1994, ankafuna kuti pakhale lamulo limodzi la kaonekedwe ka masamba. Netscape ndi Microsoft, ali pa mkangano wolimbirana anthu, aliyense analimva lamulolo m'njira yake. Internet Explorer 5 inkayeza bokosi pophatikiza mpanda ndi mpata wa m'kati, pamene lamulo linkati izo ziwerengedwe padera. Tsamba lomwelo linkaoneka bwino apa, apo n'kugumuka. Internet Explorer 6 ya mu 2001 inameretsa imvi akatswiri a dziko lonse. Mu 2005 anthu ena anachita kukonza mayeso otchedwa Acid2: brawuza yomvera malamulo inkaonetsa kankhope komwetulira, yosamvera inkaonetsa chinthu chophwanyika chosadziwika mutu wake. Pa 15 June 2022 Microsoft inaika m'manda Internet Explorer, ndipo kunja anthu anasangalala, ati mbumba yonse yatha. Sanadziwe kuti adzukulu anakwera kale minibasi, anakhota pa Bunda Turn-off, ndipo akudya bwino kuno.

Kuno anapeza abwenzi. Woyamba ndi Opera Mini, mtetezi wa bandulo ya mphawi. Iyeyu akafuna kusunga data kwambiri, tsamba salitenga mwachindunji. Limayamba ladzera ku makompyuta a kampani ya Opera, kumene amalipsinja, kulichepetsa, kenako n'kulitumiza ku foni litaphikidwa kale. Bandulo ya TNM kapena Airtel imakhalitsa, zoona, koma zambiri zodalira JavaScript zimafera m'njira. Kakalendala kosankhira tsiku lobadwa sikatseguka. Mndandanda wa maboma umakana kutsika, ndiye munthu wa kwa Chadza afufuze Lilongwe mpaka atatopa. Ena ali ndi Phoenix amene anamupeza kale mu Tecno kapena itel, ena tsamba limawatsegukira m'kati mwa Facebook osadziwa n'komwe kuti ali mu brawuza ina. Kulikonseko a Batani ali ndi pogona.

Tsono tiwerenge zabwino zimene mkuluyu wachitira dera lino, poti anthu osayamika amangoona zoipa.

Ntchito. Andale akhala akulonjeza ntchito pa misonkhano, a Batani amangozipereka osachititsa msonkhano. Mnyamata uja wa laputopu ndi makina a fotokope pa Nathenje amadya chifukwa cha iwo, pakuti fomu yokana pa foni imalola pa kompyuta, ndipo kompyutayo si yaulere. Wakabaza amene wanyamula mwana wa sukulu kuchokera kumudzi kudzafuna kompyutayo wapezapo yake. Wotchaja mafoni wapezapo, poti batire latha ndi kuyesa. Wa Mpamba ndi Airtel Money wagulitsa bandulo yachiwiri, yoyamba itapita ndi zithunzi zikuluzikulu za mabwana odula riboni zimene zili pamwamba pa tsambalo. Ngakhale mayi wa mandasi amadalitsa, chifukwa wodikira amamva njala. Ndiuzeni pulojekiti ina imene ndalama yake imazungulira chonchi pa msika umodzi.

Nanga umodzi? Amati mafoni anabalalitsa anthu, aliyense maso pa kake. Pitani mukaone pamene mtsikana womaliza Fomu 4 akulimbana ndi fomu yofunsira malo a sukulu, tsiku lotsekera lili lomwelo. Foni imodzi, mitu isanu ndi umodzi. Wina akuti, "Achemwali, igonekeni cham'mbali." Wina akuti, "Ayi, dinani timadontho titatu ito, musankhe Desktop site." Mkulu wina wodutsa ndi njinga ya makala waima, akuti vuto ndi netiweki, akwere pachulu. Malume atumiza uthenga kuchokera ku Joni kuti ayese Firefox. Onsewa ndi akatswiri oyesa mawebusaiti, ntchito imene kunja anthu amalandira nayo malipiro a pamwezi, koma kuno amaigwira mwaulere, ndi mtima wonse, osapatsidwa ngakhale satifiketi. Mtsikanayo akalephera, tsiku n'kudutsa, waphunzira kudekha, ndipo adzayesanso chaka chamawa ali wokhwima maganizo. Makolo amene anagulitsa soya kuti alipire fomuyo nawonso aphunzirapo.

Komanso a Batani alibe tsankho kwenikweni, ngakhale amakonda amphawi. Mphunzitsi wa ku Bunda wa iPhone yake asadzitame. Safari ili ndi injini yakeyake, WebKit, yosiyana ndi Blink ya Chrome ndi Gecko ya Firefox, ndipo ili ndi khalidwe lake: zilembo za m'bokosi lolembamo zikachepera mapikiselo 16, imakoka tsamba lonse pafupi osapempha, batani n'kutulukira kunja. Adokotala a zaulimi ndi wogulitsa tomato amatukwana mofanana, kusiyana chilankhulo chokha.

Achibale awo ndi aulemu womwewo. Alipo amene amalanda kachipewa ka ŵ, tsamba likasokoneza kawerengedwe ka zilembo, dzina la dziko n'kusanduka "MalaÅµi". Alipo amene amadikira tsiku limene bungwe lidzakumbukire kumasulira tsamba m'Chichewa: kabokosi anakayeza ndi mawu a zilembo ziwiri, "OK", ndiye mulowe "Ndavomereza". Mawu amasefukira, kukwera pa anzawo, ndipo womasulira ndi amene amadzudzulidwa.

Koma chimene ndimawalemekezera koposa n'choti sanama. Pa mwambo wokhazikitsa webusaiti ku hotela, pa pulojekita, a Batani amakhala pamalo pawo, owala, aulemu, alendo olemekezeka n'kuwomba m'manja. Lipoti limalembedwa kuti tsopano aliyense, ngakhale wa kumudzi, athandizidwa ali pakhomo pake. Mawa lake pa Mitundu a Batani amanena zimene lipoti lasiya: kuti pomanga tsambali palibe anaganizako za munthu wa itel yosweka galasi ndi bandulo ya tsiku limodzi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kafukufuku wa ndalama zambiri sangaulule msanga chonchi kuti ntchito anaipangira ndani.

N'chifukwa chake ndili ndi nkhawa, poti adani awo ndi ambiri ndipo zida zawo n'zotchipa. Kuyambira mu 2010, pamene Ethan Marcotte anafalitsa njira ya responsive design, zikudziwika kuti tsamba likhoza kumadzipinda lokha molingana ndi sikirini: miyeso ya maperesenti m'malo mwa manambala ouma, mabokosi otsikira pansi pa anzawo malo akachepa. Webusaiti ya Can I Use imauza aliyense mwaulere kuti brawuza iti imamva chiyani, ndipo Opera Mini ili ndi mzere wake pamenepo, wofiira kwambiri. Mu Chrome momwemo muli pochepetsera sikirini ndi pochedwetsa netiweki dala kuti uone zimene anzako amaona. Fomu yolembedwa ndi HTML wamba, yosadalira JavaScript pa chilichonse, imatumizika ngakhale pa foni yotopa. Choopsa kuposa zonse sichifuna ngakhale sukulu: wopanga webusaiti kungotuluka pa geti, kubwereka foni ya alonda, n'kuyesa kulemba fomu yake yomwe mpaka kumapeto. Mphindi khumi zokha, a Batani agwidwa.

Chonde, amene mukuwerenga, musakawauze. Pakadali pano mkulu wathu ali pabwino, chifukwa mu bajeti ya pulojekiti mumapezeka ndalama ya wekishopu ya masiku atatu ku Salima, ya zikwangwani ndi ya ma T-shirt, koma ya minibasi yopita ku Mitundu kukayesa tsamba pa foni za eni ake simupezeka.