Mudzi Wonse Unandiuza Kuti Ulibe Wailesi

Digiri yanga ya Masters pa za kufalitsa mauthenga inachedwa ndi chaka chathunthu, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala. Kafukufuku wanga anali wofuna kudziwa mmene wailesi za m'madera zimathandizira alimi ndi asodzi. Ndinasankha mudzi wina wa m'boma la Mangochi, dera limene kumamveka wailesi ya Dzimwe ya ku Monkey Bay, yomwe inayamba mu 1998.

M'kalasi zinkandiyendera. Ndinawerenga Katz ndi Lazarsfeld, amene mu 1955 anafotokoza kuti uthenga wa pa wailesi kapena wa m'nyuzipepala nthawi zambiri umafika kwa anthu kudzera mwa anzawo amene amawakhulupirira. Mfundoyi ndinailemba pa mayeso, ndinakhoza. Koma litafika tsiku lopita kumudzi, ndalama ya mayendedwe itachepa, ndinaona ngati kukaonekera kwa amfumu n'kudzichedwetsa. Ndinangotsika pa kabaza n'kuyamba kuodira khomo ndi khomo, mapepala ali m'manja.

Munali mu 2023, patangopita miyezi yochepa namondwe wa Freddy atasakaza Chigawo cha Kummwera. Mabungwe ankayendayenda kulemba maina a oti alandire thandizo, komanso anthu ankadikira kalembera wa feteleza wotsika mtengo. Mlendo aliyense wonyamula mapepala ankatengedwa ngati wa zimenezo. Ine izi sindinaziganizire n'komwe. Amayi ambiri achikulire ankamasuka m'Chiyao, ndiye ndinagwira mnyamata amene ndinangomupeza pa golosale kuti azindimasulira. Anthu ankadinda chala pa fomu yovomereza kufunsidwa mafunso, ali ndi nkhope zosangalala, ine n'kumati andilandira bwino.

Funso lalikulu linali lakuti, "Muli ndi wailesi pakhomo pano?" Pafupifupi aliyense anayankha kuti alibe. Pakhomo pena ndinamva nyimbo ikulira kuseri kwa khitchini, kenako inazima mwadzidzidzi. Ndinadziuza kuti ndi ya oyandikana nawo, chifukwa mumtima ndinali nditayamba kale kukondwera kuti ndatulukira chinthu chachikulu.

Ndinalemba mutu wonse wosonyeza kuti wailesi sikuwafikira anthu a m'mudzimo. Aphunzitsi ondiyang'anira anawerenga mwakachetechete, kenako anafunsa: "Bambo, pa anthu onsewa palibe ngakhale mmodzi wokhala ndi foni yamabatani yogwira wailesi? Nanga amfumu anati chiyani?" Ndinasowa choyankha.

Nditabwerera kumudzi kuja ndinayambira kwa amfumu. Anandilandira mwaulemu, koma mawu awo sadzandichoka: "Mwananga, anthu akhala akubwera pano kudzafunsa kuti mawailesi aja afika liti." Mnyamata uja, posamvetsa chimene ndinabwerera, ankawauza anthu kuti amene alibe wailesi adzalandira. Agogo ena ankayenda ndi ndodo yawo kupita kwa amfumu mobwerezabwereza kuti dzina lawo lisafufutidwe. Ena anayamba kuwanena amfumu kuti adya katunduyo ndi abale awo, pa nkhani imene iwo sankaidziwa mutu wake. Chaka chimene ndinataya sichindipweteka ngati mmene imandipwetekera nkhani imeneyi. Ndinasiya chiyembekezo chabodza mwa anthu amene anali kale pa mavuto, ndiponso ndinadetsa mbiri ya munthu wosalakwa.

Amfumu anaitanitsa msonkhano pabwalo, ndinaimirira n'kupepesa. Ena anang'ung'udza, ndipo anali ndi chifukwa.

Ndinayambiranso kafukufuku, ulendo uno ndili ndi womasulira amene ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera zonse. Ndinacheza ndi magulu omvera wailesi, ndinakhala pa doko ndi asodzi akusoka maukonde. Zoona zake zinali zina: wailesi imamvedwa kwambiri, makamaka pa mafoni, ndipo asodzi amatchera khutu ku machenjezo a mphepo ya mwera asanalowe pa nyanja. Amene alibe wailesi amamva kwa amene ali nayo, monga mmene Katz ndi Lazarsfeld aja ananenera. Ndinalipiranso fizi ya chaka china.

Inu amene mukukonzekera kafukufuku wa kumudzi, yambani mwakaonekera kwa amfumu, ndipo musanatulutse pepala m'chikwama, nenani poyera m'chilankhulo cha eni mudzi kuti simunabwere ndi thandizo lililonse.