Bwato la makolo lodulidwa ndi kompyuta

Ku Scotland mwambo wa makolo masiku ano umabwera pa lole. Bwato la St Ayles, lomwe Iain Oughtred analijambula mu 2009 potengera mabwato a ku Fair Isle, limafika lili zidutswa za matabwa zodulidwa kale ndi makina a kompyuta. Anthu amangomata ndi guluu, kupaka penti, basi ulendo wa panyanja. Ena amati kumeneku n'kupusitsa makolo. Tisafulumire kuweruza. Akalewo ankapalasa chifukwa injini kunalibe, ndipo ankabwerako ndi nsomba. Adzukuluwa, anayi pa nkhafi, mmodzi pa chiwongolero, amapalasa injini zili mbwee, n'kubwerako ndi matuza okha m'manja. Wokonda mwambo koposa ndani pamenepa? Nsombazo amakagula pobwerera, m'sitolo momwe tonsefe timawedza.