Jekete langa lalumbiritsanso pulezidenti

Loweruka lija, pa 4 Okutobala 2025, ndinadzuka nkhuku zisanatsike mumtengo n'kuyamba kufukula m'sutikesi. Amake Tadala anangotsegula diso limodzi.

"Kodi kwagwa maliro?"

"Ayi, lero akulumbiritsa pulezidenti."

"Akuitanani?"

Funso limeneli sindinaliyankhe chifukwa linali lamwano. Ndinangotulutsa jekete langa lakuda n'kulikuntha fumbi. Jekete limeneli, abale anga, si lamasewera. Ndinaligula pa kaunjika mu 2010, malemu Bingu wa Mutharika akudzatsegulira doko la Nsanje. Tsiku limenelo kunabwera a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda, ndipo ine ndinaima padzuwa m'mphepete mwa Shire kudikirira sitima ya katundu. Sitimayo inagwidwa ku Mozambique. Mpango umene ndinakonza kuti ndiikupizire ikamafika ukadali m'thumba lamkati mpaka lero, wopindapinda bwino.

Maganizo anga anali okafika ndithu pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, kukadzionera ndekha a Peter Mutharika ndi mayi Jane Ansah akulumbira. Pajatu pa 16 Sepitembala nanenso ndinaima pamzere, chala n'kuda ndi inki. Amene ndinamuvotera akudziwa ndi Mulungu, ngakhale amake Tadala amati nkhope yanga inaulula tsiku lolengeza zotsatira. Koma nditafika pa siteji pano pa Bangula, kondakitala ananditchulira mtengo umene unandiumitsa malovu. Akuti mafuta akusowa. Nditawerenga za m'thumba ndinapeza kuti zikanandifikitsa pa Thabwa basi, m'munsi mwa chitunda. Kotsalako ndikanakwera wapansi, n'kukafika mumzinda pulezidenti atasankha kale nduna.

Ndiye ndinakhotera ku vidiyo sho ya kuseri kwa msika, chisakasa cha mabango chokutidwa ndi pulasitiki wakuda, komwe anyamata amakatukwanirana za Arsenal ndi Manchester United. Mnyamata wapakhomo anati K500. Ndinamufotokozera modekha kuti mwambo wa boma salipiritsa.

"Madala," anatero, "boma ndi la tonse, koma TV ndi yanga."

Ndinalipira.

Amene simunakhalepo kuchigwa kuno mwezi wa Okutobala simungamvetse. Dzuwa lake limatuluka litapsa mtima kale. Muwonjezerepo pulasitiki wakuda, anthu makumi anayi, ndi jekete lomwe analisokera anthu a kumayiko a chisanu. Asilikali asanayambe n'kuguba komwe, thukuta linali litatsika pamsana n'kukafika m'masokosi. Koma kuvula sindikanavula. M'chisakasa monsemo ndinali ndekha wooneka ngati ndikuyimira boma.

Pambali panga panakhala mbuya wina wa kutsidya, ku Makhanga, atagwira ndodo. Iye anati za TVzi n'zatsopano. Mu 1994, a Bakili Muluzi akulumbira, mudzi wonse unazungulira wailesi imodzi ya mabatire oyanika padzuwa, ndipo aliyense ankadzijambulira yekha pulezidenti m'mutu mwake. Kanema wa dziko lino anadza mu 1999. Ana a kutsogolo analibe nazo ntchito zimenezo, ankangofunsa kuti karate iyamba nthawi yanji. Anyamata a kabaza ankawerenga magalimoto a akuluakulu, wina n'kufuula kuti, "Awawa mafuta akuwagula pati, tikaimeko?"

Nyimbo ya fuko itayamba ndinadzambatuka monga anatiphunzitsira kusukulu. Mutu unakagunda phaso, gu! Fumbi ndi ndowe za abuluzi zinagwera mbuya uja m'khosi. Nditacheuka ndinapeza kuti ndaimirira ndekha, ndipo akumbuyo akukuwa kuti ndikutchinga.

Kenaka inafika nthawi yeniyeni. Jaji wamkulu Rizine Mzikamanda anaoneka ndi mkanjo wake, m'chisakasa munagwa bata, ine n'kukonza kolala. Pomwepo TV inangoti thi! Mdima.

"Mayunitsi atha," anatero mnyamata uja, osachita n'komwe manyazi. Ndalama zapakhomo akuti anali atapereka kale kwa mwini malo.

Apa m'pamene ndinadziwira kuipa kwa jekete. Maso onse anatembenukira kwa ine. "Abwana athandize!" Munthu amene sanatchulidwepo bwana chibadwire amamva mawu amenewa mpaka m'mafupa. Dzanja linalowa lokha m'thumba n'kutuluka ndi K2,000 imene amake Tadala anandipatsa kuti pobwerera ndigule nsomba za makakana. Anthu anawomba m'manja. Kunena zoona, mphindi imeneyo ndinamvetsa chifukwa chake anthu amalimbirana mipando.

Mayunitsi atagulidwa pa foni, ndinaumirira kuti manambala 20 aja ndiwerenge ndine, poti ndinafika Fomu 2. Magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba. Katatu konse mita inakana. Kachinayi anawerenga ndi kamwana ka Sitandade 4, magetsi n'kuyaka. Pa TV anthu anali akuvina. Kulumbira kunali kutatha, mizinga italira kale. Pulezidenti wa zaka 85, wopambana ndi mavoti 56.8 pa 100 aliwonse, analowa m'boma ine ndikulimbana kusiyanitsa 3 ndi 8.

Zolankhula zake zinali m'Chingerezi, choncho ndinadzipereka kumasulira. Pomwe ndamva ndinkamasulira, pomwe sindinamve ndinkangoti, "Akuti zinthu zikhala bwino." Mbuya uja anandigwira pabondo.

"Mwanawe, atchulako Mtayamoyo?"

Ankanena za pomwe madzi anadula njanji ndi msewu wopita kwawo mu 1997. Nanenso m'thumba ndinali ndi kapepala ka zofuna zanga: chimanga, mtengo wabwino wa thonje, ndi chipupa chotchinga madzi a Ruo. Ndikanampatsa ndani kapepalako, TV ilibe thumba? Mbuyayo anaseka, mano awiri okha ali mbee. Anati ife ndi akuluakuluwa timadziwana bwino kudzera pa kanema: ife timawaonera iwo akamalumbira, iwo amationera ife madzi akasefukira. Anayamba kuwerenga ndi zala: 2015, namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023. "Nthawi zonsezo tinatuluka pa TV, tili pamitengo. Kungoti ife sitivala masuti."

Anawonjezera kuti vuto lina ndi chilankhulo chathu. Mkulu akabwera ndi thumba la ufa, ife mwaulemu wa Chisena timati "takhuta", kuthokoza. Iye amabwerera ku Lilongwe n'kukanena kuti anthu a kuchigwa akhuta, musawatumizirenso kanthu.

Ngati pulezidenti anatchula Nsanje kapena Chikwawa, ine sindingachitire umboni. Chapakati pa zolankhulazo chisakasa chinayamba kuzungulira, TV n'kukhala ziwiri. Ndinatsitsimuka ndili panja pansi pa mtengo wa nimu, ana akundithira madzi a pamjigo, mayi wina wogulitsa zitumbuwa akundikupiza ndi mpango uja wa sitima. Patatha zaka 15, mpangowo unagwira ntchito.

Ndinafika kunyumba chakumadzulo, jekete lili paphewa likudontha. Amake Tadala anali pansi pa mtengo wa mango akusankha mpunga wa eni ake waganyu, kafoni kawo kosweka galasi kali pamkeka.

"Mwabwerako ku boma, abambo ake Tadala?"

Ndinayamba kufotokoza mmene mwambo unakongolera, mmene pulezidenti anakwezera dzanja. Anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto, kenaka n'kundiuza kuti iwo amva zonse pa wailesi ya pafoni, mwaulere, ali pamthunzi. Mizinganso anaiwerenga.

"Nanga makakana?"

Ndinati ndalama ija ndathandizira ntchito za boma.

Usiku umenewo tinadya nsima ya mapira ndi kholowa wopanda tomato, ndipo Tadala anandiyang'ana ngati ndine ndaluza chisankho. Jekete labwerera m'sutikesi. Chisankho china chili mu 2030, ndiye amene mudzakhale ndi galimoto yokwera chitunda tsiku lolumbiritsa, chonde mudzandisungire malo kumbuyo. Magalasi ndidzatenga.