Laputopu nayo imatuluka mimba

Magetsi akangoyaka m'dziko muno, m'nyumba mumayamba liwiro la pa soketi. Foni, tochi, wailesi, zonse zimapachikidwa nthawi yomweyo, poti palibe akudziwa kuti azimanso nthawi yanji. Pa mpikisano umenewu mwini tsamba lino sanagonjepo. Laputopu yake ya kaunjika, chiigulireni, sinasiyanepo ndi tchaja, ndipo mkuluyu sapeza tulo asanaone 100% pakona paja.

Koyamba kudwala kanali kabwalo koyendetsapo chala kaja. Kanaumiratu, osadinika. Kenaka laputopu inayamba kugwedera, mkuluyu n'kupinda nyuzipepala kupanikiza kunsi kwa mwendo wa tebulo losalakwa. Chivindikiro chinaleka kutsekeka, ndipo m'mbali munatseguka kampata kokwana khadi la kubanki.

Mayi a kunyumba ndiwo anatulukira matenda. Anayang'ana laputopu, anayang'ana lamba wa amuna awo, n'kuti: "Abambo, chinthuchi chatengera inu. Chimangodya chili khale."

Mnyamata wokonza makompyuta m'tauni atamasula kunsi, zinaoneka kuti mayi aja sananame. Batire lomwe limayenera kukhala lathyathyathya linali litafufuma, likukankha chilichonse choyandikana nalo.

Batire lotereli ndi la lithium-ion, mtundu umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, ndipo amene anaupanga, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Tchaja ilibe mlandu wothira moto wosefukira, chifukwa laputopu ikafika pa 100% imaleka yokha kutchaja. Chimene batire limadana nacho n'kukhala lodzaza usana ndi usiku. Likadzaza, selo lililonse limakhala pa mavoti pafupifupi 4.2, ndipo pa mlingo umenewo timadzi ta m'kati timawonongeka pang'onopang'ono n'kumatulutsa mpweya. Kathumba kake n'komata mbali zonse, choncho mpweyawo ulibe kolowera. Kotsala n'kutupa basi, uku moto umene batire limasunga ukucheperachepera.

Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. A Apple amati MacBook isamagwire ntchito pamalo potentha kupitirira madigiri 35, mlingo umene dzuwa la Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa limaudumpha osatuluka thukuta. Mwini tsamba lino alibe chodandaulira dzuwa: iye amaonera mafilimu laputopu itakhala pa bulangete, timabowo totulukira mpweya titatsekeka, kafani kakulira m'katimo, iye n'kumakweza voliyumu kuti kasamusokoneze.

Ataona chotupacho, nzeru zinam'bwerera mkuluyu. Anapempha msomali kuti aboole pang'ono, batire liphwe, onse abwerere kwawo.

"Achikulire, ngati mwatopa ndi moyo kachitireni kwanu," anatero mnyamata uja, akuchotsa zitsulo zonse zosongoka patebulo.

Batire la lithium likaboledwa kapena kupindidwa limatha kubuka moto wovuta kuzimitsa, utsi wake woopsa. Makampani amaudziwa bwino motowu. Mu 2006 a Dell anaitanitsa mabatire oposa 4 miliyoni chifukwa ena amayaka, ndipo mu 2016 foni ya Samsung Galaxy Note 7 inaletsedwa kukwera ndege. Kumeneko cholakwa chinali cha ku fakitale, koma moto wake ndi womwewo. Batire lotupa silichira. Salitchajanso, salipsinja kuti chivindikiro chitsekeke, ndipo salitaya kudzala, kumene ana amakasonkha zinyalala madzulo. Amalichotsa mosamala n'kuikamo lina.

Chomvetsa manyazi n'choti mankhwala opewera anali m'makinamo kale. Malaputopu ambiri amalola mwini wake kuika malire a tchaja. ASUS imapereka kusankha 60% kapena 80%, Lenovo ili ndi Conservation Mode m'pulogalamu ya Vantage, Surface ya Microsoft ingathe kuimira pa 50%, ndipo Apple inaika zosamalira batire mu macOS mu 2020. Ndi malirewo, laputopu ingathe kukhala pa soketi tsiku lonse batire lisanafike pa mlingo wovutitsa uja.

Batire latsopano linadya ndalama ya ndiwo, ndipo malire anaikidwa pa 80%. Tsopano magetsi akazima, mkuluyu amakhala mumdima n'kumawerengera kuti 20% yosiyidwayo ikanamalizitsa filimu. Mayi a kunyumba nawo anamvetsera phunziro lonse mwachidwi choopsa. Madzulo ake m'mbale munabwera mitanda inayi m'malo mwa isanu, ndipo apilo yomwe anachita mwini tsamba lino sinamvedwebe mpaka lero.