Galimoto Yopanda Malo a Apongozi

Pamene kampani ya Ford, molimbikitsidwa ndi Lee Iacocca, inaonetsa Mustang ku New York mu Epulo 1964 pa mtengo wa madola 2,368, anyamata a ku America, amene kufikira tsikulo ankayenda modzichepetsa m'magalimoto a atate awo, anakhamukira kwa ogulitsa, osalabadira zoti pansi pa mphuno yaitali ija panagona mafupa a Falcon, galimoto ya anthu ofatsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe m'chaka chimodzi anagula magalimoto a Mustang oposa 400,000, ndipo Chevrolet, itagwidwa ndi nsanje, inabala Camaro mu 1966. Zitseko za Mustang zinali ziwiri zokha, ndipo mpando wam'mbuyo unali wothina kotero kuti mkamwini woopa Mulungu sakanayerekeza kukhazikapo apongozi ake.