Ulemu kwa Namatetule wa pa Benchi Yakumbuyo

Boma la Salima lili ndi zambiri zodzitama nazo: mchenga wa ku Senga Bay, doko la Chipoka, mpunga wa ku Lifuwu, sukulu ya asilikali ya MAFCO, ndiponso akabaza a pa Kamuzu Road amene angakunyamuleni inu, thumba la chimanga ndi mbuzi yanu pa njinga imodzi. Zonsezi zidalembedwa kale. Koma alipo akulu ena ofunika amene palibe adawalembapo, mendulo sadalandirepo, ndipo malipiro awo a tsiku ndi tsiku ndi mawu akuti, “Tatontholani madala, timve filimu!” Ndikunena a namatetule a pa benchi yakumbuyo m’video show, aja amadziwa zimene zichitike m’filimu mwini wake wolemba asanaziganize n’komwe.

Aliyense amene adalowapo m’kanyumba ka kanema ku Nguwo, ku Chikombe kapena ku Chipoka akuwadziwa akuluwa. Kutsogolo sakhala, poti kumeneko n’kwa ana ndi anthu amene abwera kudzangoonera. Iwo abwera kudzaphunzitsa. Ndalama yapakhomo salipira kawirikawiri, ndipo m’pomveka: ndi liti mphunzitsi adalipira fizi pa sukulu yake yomwe? Nyengo yawo yokolola ndi pamene mwezi wawala, usipa n’kuleka kulabadira nyali za siginala, kapena mu June ndi July mwera ukalusa, mabwato onse atakokeredwa kumtunda. Pamenepo asodzi amadzaza mabenchi, jenereta ikulira kuseri, akuluwa n’kukonza kukhosi.

Phunziro limene adalizama kwambiri ndi Merlin. Filimuyi idapangidwa ndi BBC, idayamba kuonetsedwa mu 2008 n’kutha pa 24 December 2012, masizoni 5, zigawo 65. Kuno idafika kudzera m’ma burning centre, pa flash ndi pa memory card, ndipo mpaka lero mlandu wake sunathe. Nkhani yake njosavuta. Mnyamata wamatsenga, Merlin, ndi wantchito wa Arthur, mwana wa mfumu Uther Pendragon ya ku Camelot, dziko limene munthu wopezeka ndi matsenga amadulidwa mutu kapena kuwotchedwa. Choncho Merlin amapulumutsa bwana wake mobisa, akatero n’kupita kukam’pukutira nsapato. Azungu adaganiza kuti apanga nthano ya ana. Sadadziwe kuti atumiza mlandu ku bwalo limene lili ndi oweruza odziwa za kukhwima.

Ukoma woyamba wa akuluwa ndi kupatsa. Munthu woumira akadziwa mathero a filimu amasunga mumtima, anzake n’kumavutika ndi nkhawa. Iwo ayi. Munthu watsopano akangotulukira pa sikirini, asanatsegule pakamwa, mawu amveka kumbuyo: “Ameneyo musam’konde, afa gawo lamawa.” Taganizani kuchuluka kwa misozi imene apulumutsa m’boma lino, ulere! Zikachitika kuti munthuyo sanafe, savutika nazo. Amangoti, “Adasintha. Imene ndidaonera ine adafa.”

Koma kuulula mathero ndi ganyu chabe. Ntchito yawo yeniyeni ndi kufotokoza zimene filimu yabisa, ndipo amayambira pa Uther. Mfumuyi idalibe mwana, ndiye idapita kwa mayi wamatsenga, Nimueh, kuti mkazi wake Ygraine aime. Lamulo la matsengawo lidali lakuti moyo ukabwera, moyo wina uchoke. Arthur adabadwa, Ygraine n’kumwalira, Uther n’kuyamba kupha aliyense wamatsenga m’dziko. Opanga filimu amafuna timve chisoni kuti bamboyu adasokonezeka ndi imfa ya mkazi wake. A namatetule sanyengeka. “Adauzidwa chizimba ameneyu,” amatero. “Palibe sing’anga amene amakupatsa mankhwala osakuuza chizimba. Adakhwimira mkazi wake, ndipo akupha anzakewo kuti pasatsale mboni.” Benchi yonse imangoti zii, chifukwa m’gombe lililonse muli nkhani ya munthu amene mabwato ake adachuluka modabwitsa chaka chimene kwawo kudagwa maliro. Nimueh mwiniyo Merlin adam’pha ndi mphenzi kumapeto kwa sizoni 1, ndipo pamenepa akuluwa safotokoza chilichonse. Amangoyang’ana anthu mmodzimmodzi, ngati kuti zotumiza mphenzi adaziyambitsa ndiwo.

Gaius, nkhalamba ija sing’anga wa kunyumba yachifumu, naye sapulumuka. Anzake ambiri amatsenga adaphedwa, iye n’kutsala, akudya pabwino m’nyumba ya wopha anzakeyo. Chigamulo cha pa benchi n’chakuti mfiti yaikulu ya ku Camelot ndi imeneyi, ndipo mabotolo ali m’chipinda chake si a mankhwala a chifuwa. Apa ndiyenera kuwayamikira akuluwa pa kusunga malamulo. Lamulo la za ufiti la dziko lino, limene atsamunda adatisiyira mu 1911, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. A namatetule amaloza mfiti khumi usiku umodzi, koma zonse zimakhala ku Camelot, kumene wapolisi sangakatenge umboni. Ndipo kunena mosaseka, bola chala chimenecho chizithera pa Gaius, amene filimu ikatha amavula wigi n’kukhala Richard Wilson, kusiyana n’kuti chituluke panja chikapeze agogo ena osauka kumudzi.

Pamene nzeru zawo zimafika pachimake ndi pa nkhani ya ufumu. Masizoni atatu athunthu Morgana akumenyera mpando, poti zidaululika mu sizoni 3 kuti naye ndi mwana wa Uther. Azungu amatsutsana kuti woyenera ndani, Arthur kapena Morgana. Akuluwa amati onse awiri ndi akuba. Kwa Achewa ndi Ayao a m’boma lino mwana salowa ufumu wa bambo ake. Ufumu umatsata bere, wolowa amakhala mwana wa mlongo wa mfumu. Uther ku Camelot akadayenera kufunsa mbumba. Ndipo Agravaine, uja timamutukwana mu sizoni 4 kuti ndi kazitape wa Morgana, iwo amamuimira mlandu mwaulere. Ameneyu ndi mlongo wake wa Ygraine, ndiye kuti atsibweni ake a Arthur, kapena tinene mjomba monga amanenera kugombe. Mlongo wake adafa imfa yosamveka ku ukwati. Mbale wake wina, Tristan de Bois, adapita kukafunsa za imfayo, Uther n’kumupha. Chipepeso sichidaperekedwe, ngakhale nkhuku. “Inu mukadakhala mwinimbumba mukadangokhala?” amafunsa motero, ndipo sindidamvepo wina atayankha.

Kenaka amaponya bomba lawo lalikulu: Mordred, mnyamata uja amene mapeto ake adabaya Arthur pa nkhondo ya ku Camlann, ndi mwana wa Morgana, ndipo n’chifukwa chake ufumu udali wake. M’filimu zimenezi mulibe. Mordred ndi mwana wa gulu la Druids, ndipo pamene ankaonekera koyamba Morgana adali mtsikana wosakwatiwa. Ana asukulu amawaseka akuluwa. Koma wamisala adaona nkhondo. Cha m’ma 1136 munthu wina wotchedwa Geoffrey of Monmouth adalemba m’Chilatini buku la mbiri ya mafumu a ku Britain, limene lidafalitsa nkhani ya Arthur ndi Merlin ku Ulaya konse. M’bukumo Mordred ndi mwana wa mlongo wake wa Arthur, amene mfumuyo idam’siyira dziko popita kunkhondo kutsidya la nyanja, iye n’kudzilonga ufumu. Munthu amene sadatsegulepo buku la Chilatini, wangokhala pa benchi ndi chimanga chootcha m’manja, wafika pamene padafika wolemba wa zaka pafupifupi 900 zapitazo. Kusiyana kwake n’kwakuti Geoffrey adamutcha Mordred woukira, pamene bwalo la ku Salima likuti mnyamatayo adangofulumira kutenga zake zomwe.

Geoffrey ameneyu ndiye kholo lawo la a namatetule onse. Atalemba zodabwitsa zakezo adati adazitenga m’buku lakalekale limene adam’patsa Walter, mkulu wa mpingo wa ku Oxford. Bukulo palibe adaliona mpaka lero. Mu 1191 amonke a ku Glastonbury, nyumba yawo itapsa ndi moto mu 1184, adalengeza kuti afukula manda a Arthur ndi mkazi wake pabwalo pawo pomwepo, ndipo alendo adayamba kukhamukirako. Masiku ano ntchitoyi ili ndi antchito mamiliyoni. Buku la George R. R. Martin, A Game of Thrones, litatuluka mu 1996, owerenga ena adayamba kulimbikira kuti Jon Snow si mwana wa Ned Stark koma wa mlongo wake Lyanna. Adadikira zaka 20, filimu yake n’kudzawavomereza mu 2016. Amenewo dziko lidawaombera m’manja. Athu ano, amene amagwira ntchito yomweyo popanda intaneti, mkati mwa utsi wa jenereta, amauzidwa kuti atuluke akapitirize panja. (Onani kuti nayenso Jon Snow ndi mwana wa mlongo. Akuluwa atamva zimenezi adangogwedeza mutu, ngati munthu amene akuuzidwa za m’thumba mwake.)

Za Gwen sataya nazo nthawi. Mwana wa mmisiri wosula zitsulo, wantchito wa m’nyumba, n’kudzakhala mfumukazi? “Kondaine,” basi, tipitirire. Amangomulemekeza pa chinthu chimodzi, kuti mwamuna wake Arthur atapita adatsala ndi dziko lonse, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe wobwera ndi ngolo kudzazula malata.

Chinjoka chija, Kilgharrah, chimene Uther adachimanga ndi unyolo m’phanga kunsi kwa nyumba yachifumu zaka 20, akuluwa adachizindikira tsiku loyamba. Chinthu chokhala pansi pa phiri, chimene chikati chisamuke chimasiya midzi ili bwinja, dzina lake ndi Napolo, yemwe uja anthu amati adadutsa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Mapiko ndi moto adangowonjezera azungu kuti filimu igulidwe. Chimene sangamukhululukire Merlin ndi ulendo womaliza. Arthur wabayidwa, kachidutswa ka lupanga kakuyenda kulunjika kumtima, mankhwala ali ku nyanja ya Avalon, ndipo mfiti yoposa mfiti zonse ikuyenda naye pa hatchi, kuima panjira, kusonkha moto, kucheza. Chinjoka adachiitana mochedwa zinthu zitaipa kale. “Wa kwathu kuno akadam’kweza pa lichero,” amadandaula motero. “Anthu amapita ku Joni n’kubwerako tambala asanalire, iye kulephera kamtunda kameneka?” Pamfundo iyi yokha ngakhale aja amawatontholetsa amavomereza.

Nanga Arthur adafadi? Apa m’pamene simuyenera kuwayamba ngati muli ndi kopita. Merlin adam’goneka m’bwato n’kulikankhira m’nyanja, kulunjika ku chilumba. Adzukulu sadakumbe manda, mtembo sudalowe m’nthaka, kumeta sikudachitike. Kwa akuluwa ameneyo ndi munthu wapaulendo. Chilumbacho amachidziwanso: ndi Mbenji, cha kwa mfumu Makanjira, chimene kuyambira m’zaka za m’ma 1950 chimatsekedwa nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, n’kudzatsekulidwa ndi mwambo cha mu April. Kumeneko mowa sufika, chamba sichifika, juga saloleza, akazi sapondako. Umboni akuti ndi womwewo. Mukuganiza kuti Gwen adatsaliranji kumtunda? Nanga miyezi imene kulibe msodzi ndi mmodzi yemwe, utaka amaulondera ndani? Mukawauza kuti nyumba yachifumu ya m’filimuyo ili ku Pierrefonds ku France, ndipo Mbenji azunguwo sadaimvepo, amakuyang’anani mwachisoni. “Aise, ukuganiza angakuuze?”

Zonse zidzaoneka mu sizoni 6, ndipo iyi ndiyo mphatso yawo yoposa zonse. BBC idalekera pa sizoni 5. Chithunzi chomaliza ndi Merlin atakalamba, ndevu zili mbuu, akuyenda m’mbali mwa msewu wa masiku ano, lole ikumudutsa. Palibe china chidajambulidwa. Koma akuluwa sizoni 6 adaionera. Adaionera ku Joni, pa foni ya mlamu wawo, kungoti memory card yake idagwera m’madzi pobwera. Mmenemo Arthur amadzuka, Gaius amaulula, Mordred amalongedwa ufumu ndi mbumba, ndipo loleyo akuti idanyamula usipa wa ku Lilongwe. Katswiri wa ku yunivesite akanena chinthu, mnzake amatha kupita ku laibulale kukam’tsutsa. Uyu mukam’tsutsira kuti? Anyamata a m’ma burning centre atopa n’kufunsidwa za sizoni imeneyi, ndipo ochenjera ena adayamba kungoika filimu ina iliyonse ya malupanga n’kuitcha dzinalo. A namatetule ataionera adati ndi yomweyo, koma aidula.

N’chifukwa chake ndikupempha eni ma video show onse kuyambira ku Chikombe mpaka ku Chipoka kuti aleke kukweza voliyumu akuluwa akayamba kuyankhula. Sizithandiza, naonso amakweza yawo. Apatseni benchi yokhala ndi chotsamira, ngongole yapakhomo ija muifafanize, ndipo magetsi akazima musabweze ndalama za anthu. Ingotembenuzani mabenchi ayang’ane kumbuyo. Ndamva kuti ali ndi umboni watsopano wosonyeza kuti Merlin ndi Gaius ndi munthu mmodzi, ndipo akufunika maola awiri okha.